Mbiri ya Inkosi ya Makosi Philip Gomani II, Mwini Dziko la Ntcheu

Boma la Ntcheu lili kum'mwera kwenikweni kwa Chigawo Chapakati. Kuzambwe kwake kuli mapiri a Kirk Range, kumene kumazizira ndipo kumalimidwa kachewere ndi kabichi; kuvuma kuli chigwa chotentha cha Bwanje. Pa Lizulu, msewu waukulu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'bomali. Moyo wa Inkosi ya Makosi Philip Zitonga Gomani II udalukana ndi dziko limeneli pamodzi ndi malire akewo.

Makolo awo, Angoni a kwa Maseko, adachokera kum'mwera kwa Africa, naoloka Zambezi, nakafika ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pobwerera adadzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Kumeneko adakwatirana ndi eni nthaka amene adawapeza, mpaka Chichewa chidasanduka chiyankhulo cha pakhomo, ngakhale ngoma, zishango ndi ulemu wa ubukhosi zidakhalapobe. M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagawana dzikolo, ndipo Domwe adatsalira mbali ya Apwitikizi. Abale a mimba imodzi adasanduka nzika za maiko awiri.

Philip adali mwana wamng'ono pamene asilikali a atsamunda adagwira ndi kupha bambo ake, Gomani I, m'chaka cha 1896. Ufumu udagwa mphwayi kwa zaka zambiri, kufikira 1921 pamene mwana wamasiyeyo adalongedwa pa mpando wa atate ake. Likulu lawo lidali ku Lizulu. Kwa zaka zoposa makumi atatu adaweruza milandu ndi kulimbikitsa sukulu ndi ulimi, ndipo boma lachitsamunda lidawayesa mfumu yodalirika. Adalimbikitsanso anthu awo kuteteza nthaka ya m'mapiri kuti isakokoloke.

Zinthu zidatembenuka pamene Angerezi adatsimikiza zolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'Chitaganya. Anthu adaopa kuti minda yawo idzalandidwa monga zidachitikira ku Southern Rhodesia, ndi kuti ulamuliro udzakhazikika m'manja mwa Azungu ochepa. Mfumu imene idaona zimene mfuti idachita kwa atate ake idadziwa bwino mtengo wa kukana, komabe idakana. M'chaka cha 1953, ali okalamba ndiponso odwala, Gomani II adalamula anthu awo kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, omwe aja adali kuwalimbikitsa iwo eni. Boma lidawauza kuti abweze mawuwo, koma sadasunthike. Pamenepo lidawachotsa pa udindo, nililamula kuti atuluke m'boma la Ntcheu.

M'mwezi wa Meyi apolisi adafika ku Lizulu kudzawatenga, koma khamu la anthu lidawatchinjiriza. Pachipwirikiticho mfumu idaolokera ku Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa wa Anglican, Michael Scott. Uko kudali kwawo ndithu, kwa makolo awo, koma malire a 1891 adali atakusandutsa kwa eni. Apwitikizi adawagwira nawabweza kwa Angerezi, ndipo Scott adapitikitsidwa m'dziko muno. Gomani II sadaloledwenso kubwerera kukalamulira anthu awo. Adagona m'chaka cha 1954 ku chipatala cha Malamulo, ku Thyolo, kutali ndi mapiri a kwawo.

Chitaganya chimene adachikana chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufumu udapitirira mwa Willard, Gomani III. Lero nkhope yawo ili pa ndalama ya K50, imene imadutsa m'manja mwa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa Lizulu, pa nthaka imene mwini wake adaikaniza kufikira imfa.