H. G. Wells: mwana wa wantchito wa m'nyumba amene anapeka makina oyendera m'nthawi

Mafilimu a anthu okwera makina n'kukatulukira m'zaka za m'tsogolo, kapena kubwerera m'nthawi ya makolo, afika ponseponse, ngakhale pa mafoni a achinyamata a pa Cassacatiza ndi kutsidya kwa malire ku Chanida. Amene anatchukitsa ganizo limeneli ndi Herbert George Wells, mlembi wa ku England amene anamwalira mu 1946.

Wells anabadwa pa 21 Sepitembala 1866 m'tauni ya Bromley. Bambo ake, a Joseph Wells, anayamba ndi ntchito yosamalira dimba la maluwa kwa anthu olemera, kenako anatsegula kagolosale kogulitsa mbale ndi makapu, koma sikankapindula. Banjalo linkadalira ndalama zimene bambowo ankapeza posewera kiriketi. Mu 1874 mwanayo anathyoka mwendo, ndipo ali chigonere bambo ake ankamubwerekera mabuku. Chikondi chake cha kuwerenga chinayambira pamenepo.

Mu 1877 bambo akenso anathyoka ntchafu, masewera n'kuthera pomwepo, ndipo umphawi unalowa m'nyumba. Mu 1880 mayi ake, a Sarah, anabwerera ku ntchito pa nyumba yaikulu ya anthu achuma yotchedwa Uppark, kumene ankayang'anira antchito anzawo. Pa nyumbayi eni ake ankakhala m'zipinda zapamwamba zowala bwino, pomwe antchito ankagwirira m'zipinda zapansi. Panalinso njira zokumbidwa pansi pa nthaka zimene antchitowo ankadutsamo atanyamula chakudya. Mnyamatayo ankaziona zonsezi akapita kukacheza kwa mayi ake.

Kuyambira mu 1881 mpaka 1883 anamupereka ku sitolo ya nsalu ku Southsea kuti aphunzire malonda. Ankagwira maola 13 pa tsiku, ndipo ntchitoyo ankadana nayo kwambiri. Ataisiya anapeza malo pa sukulu ya ku Midhurst, kumene ankaphunzitsa ana aang'ono kwinaku iyenso akuphunzira. Mu 1884 anapata thandizo la boma lokaphunzira sayansi ku London, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Thomas Henry Huxley, katswiri wa za mmene zamoyo zimasinthira pakapita mibadwo yambiri. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi, koma kuvulala kwa impso pa masewera a mpira komanso matenda a m'chifuwa zinamufooketsa, mpaka anayamba kudalira cholembera kuti adye.

Nthano yake ya makina oyendera m'nthawi inatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti ikhwime. Anayamba kuisindikiza mu 1888 m'kanyuzipepala ka ophunzira, pa mutu wakuti The Chronic Argonauts, koma anaisiyira panjira. Mu 1894 mkonzi W. E. Henley anatulutsa zigawo zina m'nyuzipepala ya National Observer. Henley atasamukira ku magazini ya New Review, nthanoyo inatuluka mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale mpaka Meyi 1895, ndipo Wells analandira mapaundi 100. Chaka chomwecho inakhala buku lotchedwa The Time Machine.

M'bukuli, katswiri wina amapanga makina amene amamufikitsa m'chaka cha 802,701. Kumeneko amapeza anthu atagawika mitundu iwiri. Pamtunda pali Aeloi, anthu ang'onoang'ono, okongola koma ofooka, amene amangodya zipatso ndi kusewera, osadziwa ntchito iliyonse. Pansi pa nthaka pali Amoloki, amene amayendetsa makina mumdima ndi kupangira Aeloi zovala. Mlendoyo amazindikira kuti Aeloi ndi zidzukulu za mabwana akale, ndipo Amoloki ndi zidzukulu za antchito awo. Koma zinthu zinatembenuka. Usiku wopanda mwezi Amoloki amatuluka kudzagwira Aeloi n'kukawadya, chifukwa amawasunga monga mmene munthu amawetera ng'ombe. Ambiri amene analemba za moyo wa Wells amaona kuti dziko lapansi pa nthakali linachokera ku zipinda ndi njira za antchito a ku Uppark.

Bukuli linamuchotsa pa umphawi, ndipo mabuku ena anatsatira. The War of the Worlds, la mu 1898, limasimba za zolengedwa zochokera ku Mars zikuukira England. Pa 30 Okutobala 1938, Orson Welles analisandutsa sewero la pa wailesi ku America, n'kuliulutsa ngati nkhani zochitika nthawi yomweyo, moti omvera ena anachita mantha poyesa kuti nkhondo yayambadi. M'buku la mu 1914 Wells analemba za mabomba a atomu, ndipo anali akadali moyo pamene bomba lenileni linagwa pa Hiroshima mu 1945. Iye ankadwalanso shuga, ndipo mu 1934 anathandiza kukhazikitsa bungwe la odwala matendawa ku Britain. Anamwalira ku London pa 13 Ogasiti 1946 ali ndi zaka 79.

Nthanoyo inapitirira mwini wake atapita. BBC inaionetsa pa wailesi yakanema mu 1949. Filimu ya George Pal ya mu 1960 inapata mphoto ya Oscar chifukwa cha luso la zithunzi zake. Pa 23 Novembala 1963 BBC inayamba sewero la Doctor Who, lonena za munthu woyenda m'nthawi, lomwe lakhala likuonetsedwa kwa zaka zambirimbiri. Mu 2002 panatulukanso filimu ina ya The Time Machine, ndipo anaitsogolera ndi Simon Wells, chidzukulutudzi cha mlembiyo.

Mafilimu ambiri amakonda kuonetsa makina ndi zilombo. Koma nkhawa ya Wells inali pa mpata umene uli pakati pa wokhetsa thukuta ndi wodya thukutalo, ndi kumene mpatawo ungakafike ukamangokula mbadwo ndi mbadwo. Mlimi wa ku Chifunde amene amalima chimanga kapena fodya, mtengo wake n'kukakhazikitsidwa ndi anthu akutali amene sanagwirepo khasu, nkhani imeneyi sangaivutikire kumva.