John McCarthy, Munthu Amene Anaphunzitsa Makina Kusesa

Ife a kuno ku Chiradzulu timalidziŵa bwino vuto la kuchepa kwa minda. Munda ukakhala wopanda wouloza kuti ndi wake, mfumu imaupereka kwa wina. Nzeru yotereyi ndiyo tikumbukira nayo John McCarthy, ngakhale kuti malo amene iye ankadandaula nawo anali a m'kati mwa kompyuta.

McCarthy anabadwira ku Boston, m'dziko la America, m'chaka cha 1927. Atate ake anachokera ku Ireland ndipo amayi ake ku Lithuania. Pokhala wakuthwa mutu pa masamu, anaphunzira ku Caltech, nalandira digiri yapamwamba ku Princeton mu 1951. Mu 1958, ali ku MIT, anayamba kukonza Lisp, chinenero cholamulira makina.

Makina ake, a IBM 704, anali ndi timalo tosungira zinthu tosapitirira 32,768, ndipo pulogalamu ikamagwira ntchito timaloti tinkadzaza msanga ndi zinthu zotha ntchito. Kumuuza wolemba pulogalamu kuti azifufuta yekha kunali koopsa, pakuti munthu amaiŵala, mwinanso amafufuta chimene chikufunikabe. Tsono McCarthy anaganiza kuti makinawo aziyembekeza mpaka malo atatha. Pamenepo ayambire pa maina amene akugwirabe ntchito, atsate chilichonse chimene mainawo akuloza, nachiika chizindikiro. Chotsala chopanda chizindikiro n'chopanda mwini, ndipo malo ake abwezedwe. Njirayi anaifalitsa mu 1960. Anzake ankaitcha kale kutola zinyalala, koma iye sanalembe dzinalo m'kalata ya anthu ophunzira.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri a Python ndi JavaScript amasokonekera lero. Ukalemba del mu Python, wachotsa dzina lokha. Ngati pali dzina lina kapena mndandanda umene ukulozabe chinthucho, chimakhalabe pomwepo, monga munda umene mwini wake anasamuka koma mlongo wake akuulimabe. Ine ndiona kuti mphunzitsi amene sanafotokoze kusiyanaku sanayambe n'komwe phunzirolo.

McCarthy yemweyu ndiye anayambitsa mawu akuti artificial intelligence mu 1955. Anasamukira ku Stanford mu 1962, nalandira mphotho ya Turing mu 1971. Anamwalira mu October 2011, ali ndi zaka 84.