Louis Braille: Mnyamata Amene Anaŵerenga ndi Zala

Louis Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, kufupi ndi mzinda wa Paris m'dziko la France. Atate ake anali mmisiri wosoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Tsiku lina, ali ndi zaka zitatu, Louis anatola kachitsulo kosongoka kobowolera zikopa nadzilasa nako m'diso. Matenda anafalikira ku diso linalo, ndipo pofika zaka zisanu mwanayo sankaonanso.

Masiku amenewo ana ambiri osaona ankangokhala pakhomo kapena kupemphetsa. Koma wansembe wa m'mudzimo, Jacques Palluy, anaona kuti Louis anali wanzeru, napempha mphunzitsi kuti amlandire m'sukulu ya ana openya. Louis ankakhala pamodzi ndi anzake, namamvetsera mwatcheru ndi kusunga zonse pamtima. Chomuŵaŵa chinali chakuti sankatha kuŵerenga kapena kulemba monga anzakewo.

M'chaka cha 1819 anapita ku sukulu ya ana osaona ku Paris. Mabuku a kumeneko anali oŵerengeka ndi olemera, a zilembo zikuluzikulu zotukuka. Kumeneko anaphunziranso njira ya Charles Barbier yolemba ndi timadontho 12. Timadonthoto tinali tambiri, kotero nsonga ya chala sinkatha kutikhudza tonse nthaŵi imodzi.

Louis anayesayesa kukonza njirayi osatopa. Mu 1824, ali ndi zaka 15, anapeza njira ya timadontho 6 tokha, titatu kumanzere ndi titatu kumanja. Timadonthoti timapanga zizindikiro 63 zosiyanasiyana. Mu 1829 anasindikiza buku lofotokoza njira yakeyo.

Atakula, Louis anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 6 Januwale 1852, ali ndi zaka 43. Sukuluyo inavomereza zilembo zake mu 1854, mwiniwake atapita kale.

Lero zilembozi zimatchedwa Braille, ndipo Chicheŵa chomwe chimalembedwa nazo. Kuno ku Malaŵi, aphunzitsi othandiza ana osaona amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Motero mwana wosaona, kaya ndi wa ku Neno kaya ku Kasungu, angathe kukhala m'kalasi limodzi ndi anzake openya, iwo akuŵerenga ndi maso, iye ndi zala.

Mafunso
1. Kodi Louis anavulala bwanji?
2. Kodi wansembe anamthandiza motani?
3. Nchifukwa chiyani Louis anachepetsa timadontho?