Nick Drake ndi nyimbo zake zitatu zopanda mawu

Anzanga, mwezi watha ndinakayikitsa nyimbo pa memore khadi kumsika. Kufika kunyumba ndinapeza kuti mkulu wa pasitolo uja wandisakanizira ndi nyimbo za mzungu wina amene sindinamufune n'komwe. Ndinatsala pang'ono kuzifufuta. Koma yoyamba inali yaifupi, yosakwana mphindi ziwiri, gitala ndi mavayolini, woimba osamveka. Ndinaibwereza mpaka batire kutha. M'mawa mwake ndinabwereka foni ya achimwene kuti ndifufuze mwini wake.

Dzina lake ndi Nick Drake. Anabadwa pa 19 June 1948 mumzinda wa Rangoon ku Burma, dziko limene pano tikuti Myanmar, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya uinjiniya. Ali wamng'ono banja lonse linapita kwawo ku England n'kukakhala m'mudzi wa Tanworth-in-Arden, kufupi ndi Birmingham. Sanakulire mu umphawi ayi. M'nyumba mwawo munali piyano, ndipo mayi ake a Molly ankapeka nyimbo zawozawo n'kumaimbira ana. Anaphunzira ku Marlborough College, sukulu yogonera konko ya ana a anthu opata, kumene ankadziwika ndi liwiro pa mpikisano wothamanga. Mu 1967 analowa yunivesite ya Cambridge kukaphunzira mabuku a Chingerezi.

Ali pa Cambridge pomwepo, Joe Boyd, mkulu wojambula nyimbo wochokera ku America, anamva nyimbo zake n'kumutenga. Chimbale choyamba, Five Leaves Left, chinatuluka mu 1969. Chaka chomwecho Nick anasiya sukulu kutangotsala miyezi kuti amalize digiri, bambo ake atamuchenjeza m'kalata kuti asatero. Inu a Fomu 4 musandimve molakwa, sindikunena kuti muthawe MSCE.

Vuto linayambira pa siteji. Gitala ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo oimba ambiri amazikunga mwa njira imodzi yodziwika, basi n'kuimba usiku wonse. Nick anali ndi makungidwe akeake ambirimbiri, moti nthawi zambiri akamaliza nyimbo ankayenera kumasula ndi kukunganso nsambo asanayambe ina. Tangoganizani: munthu wamtali wakhala pampando, mutu wazolika, akupotokola tizitsulo ta gitala, osaseka, osalankhula ndi anthu. Omvera, ena ali ndi mowa m'manja, ankangoyamba macheza awo. Chaka cha 1970 chisanathe analekeratu kuimba pagulu. Masiku amenewo woimba wosayenda m'maholo ankavutika kugulitsa chimbale.

Ndiye chimbale chachiwiri, Bryter Layter, chimene chili pa khadi yanga, chinakonzedwa kuti chikope anthu ambiri. Dzinali analilemba mokhotetsa dala, kutengera mawu a olosera zanyengo akamati kunja kuwala nthawi ina m'tsogolo. Boyd anaitana oimba ng'oma ndi besi a gulu la Fairport Convention, woimba sakisofoni, ndi amayi awiri ovomereza kumbuyo. John Cale anathandiza pa Fly ndi Northern Sky. Piyano ya mu Poor Boy anaimba ndi Chris McGregor wa ku South Africa, amene anachoka kwawo mu 1964 ndi gulu lake la Blue Notes, chifukwa malamulo a tsankho sankafuna akuda ndi azungu aziimbira limodzi.

Mwa nyimbo khumi za m'chimbalechi, zitatu zilibe mawu: Introduction yotsegulira, Bryter Layter pakati, ndi Sunday yotsekera. Ziwiri zomalizazi chitoliro ndicho chikutsogolera, gitala ili pansi kuluka nyimbo. Mavayolini anakonza ndi Robert Kirby, mnzake wa ku Cambridge. Boyd sanazikonde nyimbo zitatuzi, koma Nick, munthu wofatsa uja, apa pokha anakakamira mpaka zinalowa. Olemba nyuzi ena anachinyoza chimbalechi kuti chasakaniza nyimbo zachikhalidwe ndi jazi wa m'mahotela, uja amaimba anthu akudya.

Ine ndikutsutsana nawo, ngakhale ndikuvomera kuti Bryter Layter ya pakatiyo imatsekemera mopitirira muyeso, ngati tiyi wothira shuga masipuni asanu. Koma mverani Introduction. Pansi pa mavayolini pali zala zikuyenda pa nsambo mosaphonya, mosathamanga, nsambo iliyonse ikumveka payokha. Ine ndinayesa kutsanzira pa gitala yanga ya chigubu cha mafuta, aaa, zala zinangopiringizana. Munthu amene ankalephera kupereka moni pa siteji, apa akufotokoza bwinobwino. Mwina n'chifukwa chake anakana kuti azichotse.

Chimbalechi chinatuluka mu 1971 ndipo sichinagulidwe, makope sanafike ndi 5,000 omwe. Boyd anasamukira ku Los Angeles kukagwira ntchito ina. Nick anayamba kudwala matenda okhumudwa, aja amachititsa munthu kudzitsekera m'nyumba masiku ambiri osalankhula ndi wina aliyense. Mu October 1971 anajambula chimbale chachitatu, Pink Moon, m'mausiku awiri okha, ali awiriwiri ndi John Wood woyendetsa makina. Mavayolini, ng'oma, zitoliro, zonse anasiya. Munatsala mawu ake, gitala, ndi kapiyano pang'ono m'nyimbo imodzi, mphindi 28 basi. Nachonso sichinagulidwe.

Anabwerera kwa makolo ake ku Tanworth-in-Arden, ndipo mu 1972 anagonekedwa m'chipatala milungu ingapo. Pa 25 November 1974 mayi ake anamupeza atamwalira kuchipinda kwake, atamwa mopitirira mankhwala amene adokotala anamupatsa. Wofufuza za imfayo anagamula kuti anadzipha, koma ena omudziwa ankakhulupirira kuti inali ngozi. Anali ndi zaka 26. Palibe kanema ndi imodzi yomwe yomuonetsa akuimba, zilipo ndi zithunzi chabe.

Kenako mu 1999, patatha zaka 25, kampani ya Volkswagen inaika Pink Moon m'kanema wotsatsa galimoto ku America. Anthu anayamba kufunsa kuti woimbayu ndani, ndipo zimbale zake zinagulidwa kuposa mmene zinagulidwira ali moyo.

Foni n'zoletsedwa pasukulu pano, ndiye amene akufuna kumva andipeze Lachisanu tikaweruka, pamtengo wa mango wa kunja kwa geti. Mahedifoni anga amalira khutu limodzi lokha, wina abweretse ake.