ERNST CHAIN, MLENDO AMENE ANAPEZA MDANI WA PENISILINI

Ernst Chain anabadwira m'mzinda wa Berlin, ku Germany, pa 19 June 1906. Anali Myuda, ndipo anaphunzira nzeru za mankhwala. M'caka ca 1933, pamene Hitler analowa ulamuliro nayamba kuzunza Ayuda, Chain anathawira ku England ali wosauka. Amake ndi mlongo wake anatsala, nafera m'manja mwa ozunzawo.

M'caka ca 1935 Howard Florey anamuitana ku Oxford. Kale mu 1928 Alexander Fleming anaona kuti cuku cina cipha tizirombo ta matenda, koma sanakhoza kucotsamo mankhwala okwanira kuciza munthu. Chain, Florey ndi anzao anaikhoza nchitoyo, ndipo mu 1941 anayamba kupatsa odwala penisilini. Cifukwa ca ici anthu atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 1945.

Koma mu 1940, mankhwalawo asanafike m'zipatala, Chain ndi mnzace Edward Abraham anapeza cinthu coopsa. Anaona kuti tizirombo tina ta m'matumbo titulutsa kanthu kochedwa penicillinase, kamene kaphwanya penisilini asanagwire nchito yake. Tsono mankhwala akapha tizirombo tofoka, totsalato ndi tija tokhala ndi cida cimeneci. Tibalana, ndi kuyenda kucokera pa cironda ca wina kunka pa ca mnzake ndi manja osasamba kapena nsaru zakuda.

Sipanapite nthawi. Mu 1948 Dotolo Mary Barber wa pa cipatala ca Hammersmith ku London anapeza kuti mwa tizirombo totukusa zironda timene anayesa, toposa theka sitinalikumvanso penisilini. Chain anathandiza a Beecham ndi uphungu, ndipo iwo anapanga methicillin, amene penicillinase sakhoza kumphwanya; koma mu 1961 kunaoneka tizirombo tokana ameneyunso mwa njira yina. Lero zida zotere zadziwika za mitundu yambirimbiri m'zipatala za dziko lonse lapansi.

Chain anamwalira ku Ireland pa 12 August 1979.

Abale, nkhondo imene iye anaiona ikali pakati pathu. Musagule makapisozi pamsika, kapena kugawira mnzanu anu. Imwani monga momwe dotolo wanenera. Ndipo inu odwazika abale m'cipatala, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze wodwala, ndiponso mutamkhudza.