Mbiri ya Haile Selassie, mfumu imene inafuna kuti atsamunda ayankhe mlandu

Anthu ambiri amene amayenda mumseu wa Haile Selassie Avenue mumzinda wa Lusaka adziwa kuti dzinali ndi la mfumu ya dziko la Ethiopia. Koma ndi ocepa amene adziwa za mlandu umene mfumuyi inalimbana nao kwa zaka zambiri. Mlanduwo unali wakuti ngati dziko lalanda dziko la eni ace ndi mfuti, kenaka lagonja pa nkhondo, liyenera kulipira ciani, ndipo liyenera kulipira ndani.

A Haile Selassie anabadwa pa 23 July 1892 ku Ejersa Goro, pafupi ndi mzinda wa Harar. Dzina lao la pa ubwana linali Tafari Makonnen. Atate ao, a Ras Makonnen, anali bwanamkubwa wa Harar ndiponso mmodzi wa akazembe a Mfumu Menelik II amene anagonjetsa asilikali a Italy pa nkhondo ya ku Adwa m'caka ca 1896.

M'caka ca 1916, a Tafari anasankhidwa kukhala woyendetsa boma pansi pa Mfumukazi Zewditu. Iwo anaona kuti dziko lao lazingidwa ndi atsamunda a Italy, Britain ndi France, ndipo anaganiza kuti linga lolimba koposa ndi malamulo a pakati pa maiko. Pa cifukwa ici, anayesetsa kuti Ethiopia alowe m'bungwe la League of Nations, ndipo izi zinatheka m'caka ca 1923. Pangano la bungweli linali lakuti dziko limodzi likaputidwa, maiko onse adzaliteteza. Pa 2 November 1930 anavekedwa ufumu ndi kutenga dzina lakuti Haile Selassie.

Cikhulupiriro caoco cinayesedwa pa 3 October 1935, pamene asilikali a Benito Mussolini analowa m'dziko la Ethiopia kucokera ku Eritrea ndi ku Somalia, maiko amene anali kale m'manja mwa Italy. Ndeke za Italy zinathira mpweya wa poizoni pa asilikali ndi pa midzi, ngakhale kuti dzikolo linali litavomereza pangano la ku Geneva la 1925 loletsa zida zotere. Bungwe la League of Nations linagamula kuti Italy ndiye wolakwa ndipo linaika ziletso pa malonda, koma mafuta a galimoto ndi a ndeke, amene nkhondoyo inali kudalira, sanaikidwe pa ziletsozo.

Atagonja pa nkhondo ya ku Maychew, mfumu inacoka mu Addis Ababa pa 2 May 1936. Pa 30 June caka comweco, inaimirira pamaso pa nthumwi za League of Nations ku Geneva ndi kulankhula m'cinenero ca Amharic, uku atolankhani a ku Italy akuikuwiza. Inafotokoza m'mene poizoni anaphera anthu ndi ziweto, ndipo inacenjeza kuti ngati pangano lithyoledwa pa dziko laling'ono, palibe dziko lina limene lidzakhala pa mtendere. Patangopita masiku ocepa, bungwelo linacotsa ziletso zija. M'caka ca 1938, dziko la Britain, kumene mfumu inali kukhala mumzinda wa Bath, linavomereza ulamuliro wa Italy pa Ethiopia.

Kumudzi, anthu anali kuzunzika. Pa 19 February 1937, anyamata awiri anaponya mabomba pofuna kupha kazembe wa Italy, Rodolfo Graziani. Pobwezera, anthu a mu Addis Ababa anaphedwa kwa masiku atatu. Boma la Ethiopia linati anthu 30,000 ndiwo anafa, pamene katswiri wa mbiri yakale Ian Campbell anapeza ciwerengero ca pafupifupi 19,000. Mu May caka comweco, ansembe ndi ophunzira a ku nyumba ya mapemphero ya Debre Libanos naonso anaphedwa.

Zinthu zinatembenuka m'caka ca 1940 pamene Italy analowa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ku mbali ya Germany. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment ocokera kuno kwathu, pamodzi ndi a King's African Rifles a ku Nyasaland, anali pakati pa amene anamenyana ndi Italy kum'mawa kwa Africa. Pa 5 May 1941, zaka zisanu zenizeni kucokera tsiku limene adani analowa mumzindawo, mfumu inabwerera mu Addis Ababa ndipo inapempha anthu ake kuti asabwezere coipa kwa Mataliyana amene anatsala.

Mfumu inafuna kuti mlandu uweruzidwe mwa lamulo. Pa msonkhano wa mtendere wa ku Paris, umene unayamba pa 29 July mpaka 15 October 1946 ndipo unasonkhanitsa maiko 21, inatumako nthumwi zotsogozedwa ndi a Aklilu Habte-Wold, amene anaphunzira za malamulo ku France. Nthumwizi zinanena kuti anthu oposa 760,000 anafa cifukwa ca nkhondo ndi ulamuliro wa Italy, ndipo zinapempha cipukuta misozi ca mapaundi oposa 184 miliyoni.

Nkhani ina yaikulu inali ya tsiku. Kwa maiko a ku Ulaya, nkhondo inayamba mu 1939. Zikanakhala tero m'panganolo, zonse zimene zinacitika ku Ethiopia kuyambira 1935 zikanakhala kunja kwa mlandu. Nthumwi za mfumu zinapambana pa mfundoyi. Pangano la mtendere ndi Italy, limene linasainidwa pa 10 February 1947, linalemba m'ndime 38 kuti pa nkhani za Ethiopia, tsiku loyambira kuwerenga ndi 3 October 1935. Ndime 37 inalamula Italy kubweza, pasanathe miyezi 18, zinthu zonse za cipembedzo, za luso ndi za mbiri zimene anatenga, ndipo ndime 45 inalamula kuti oganiziridwa milandu ya nkhondo aperekedwe kuti akazengedwe.

Pa ndalama, zotsatira zinali zocepa. Ndime 74 inapatsa Yugoslavia madola 125 miliyoni, Greece 105 miliyoni, Soviet Union 100 miliyoni, Ethiopia 25 miliyoni ndipo Albania 5 miliyoni. Atakambirana kwa zaka zambiri, maiko awiriwa anagwirizana m'caka ca 1956 pa madola pafupifupi 16 miliyoni. Mbali ina ya ndalamazi inamangira damu la magetsi la Koka pa mtsinje wa Awash.

Ngakhale zinali tero, Ethiopia anapezako kanthu cifukwa anali dziko lodzilamulira lokhala ndi mpando pa msonkhano. Anthu a ku Libya, Eritrea ndi Somalia, amene anakhala pansi pa Italy zaka zambiri kuposa Ethiopia, sanalandire cipukuta misozi ciliconse. Ndime 23 inangonena kuti Italy wasiya maikowa, ndipo tsogolo lao lidzagamulidwa ndi America, Britain, France ndi Soviet Union. Panganolo linalanga kuputa dziko lina ndi nkhondo, koma utsamunda weniweniwo silinauwerenge ngati mlandu, pakuti ena mwa oweruzawo anali ndi maiko aoao amene anali kulamulira mu Africa ndi mu Asia. M'caka ca 1950, Italy anabwereranso ku Somalia kukayang'anira dzikolo kwa zaka khumi m'dzina la United Nations. Zofanana ndi izi zinacitika pa pangano la mtendere ndi Japan ku San Francisco mu 1951, kumene Korea, imene inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, sinaloledwe kusaina nao.

Milandu ya akazembe nayo inafera m'mazira. Bungwe lofufuza milandu ya nkhondo limene linakhazikitsidwa ku London mu 1943 silinapatse Ethiopia mpando, ndipo boma la Britain silinafune kuti zocitika za 1935 zikambidwe. Pietro Badoglio, amene anatsogolera nkhondo ya poizoni, anali atakhala nduna yaikulu ya Italy ndi bwenzi la Britain ndi America mu 1943. Mu 1948 Ethiopia anapereka maina khumi, kuphatikizapo a Badoglio ndi Graziani, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu pa zimene anacita ku Ethiopia. Graziani anaweruzidwa kwao mu 1950 pa mlandu wogwirizana ndi Germany, ndipo anatulutsidwa patapita miyezi yocepa. Boma la Italy linadzavomera mu 1996 kuti poizoni anagwiritsidwadi nchito.

Mfumu sinataye mtima pa malamulo. M'caka ca 1960, Ethiopia ndi Liberia anasumira South Africa ku khoti la maiko onse ku The Hague cifukwa ca ulamuliro wake ku South West Africa, dziko limene tsopano ndi Namibia. Mu July 1966 khotilo linataya mlanduwo ponena kuti maiko awiriwa analibe danga lodandaula. Mu May 1963, a Haile Selassie analandira atsogoleri a Africa mu Addis Ababa, kumene bungwe la OAU linabadwira. Mu September 1970 anali pakati pa alendo a Dr. Kenneth Kaunda pa msonkhano wa maiko osatenga mbali ku Mulungushi mu Lusaka.

Komabe mbiri yao ili ndi mbali ina imene siyenera kubisidwa. Mu 1952, potsatira cigamulo ca United Nations, Eritrea analumikizidwa ndi Ethiopia koma ali ndi nyumba ya malamulo yakeyake. Mu November 1962, mfumu inathetsa dongosololi ndi kusandutsa Eritrea cigawo wamba. Motero munthu amene anadandaula ku Geneva za kuthyoledwa kwa mapangano, nayenso anadzudzulidwa pa mlandu womwewo. Nkhondo ya ku Eritrea inatha mu 1991, ndipo dzikolo linalandira ufulu mu 1993. Mkati mwa Ethiopia, zipani za ndale sizinali kuloledwa, minda yambiri inali m'manja mwa anthu ocepa, ndipo njala ya ku Wollo ya 1973, imene akuluakulu a boma anayesa kubisa, inapha anthu zikwizikwi.

Pa 12 September 1974 asilikali a gulu la Derg anacotsa mfumu pa mpando. Pa 23 November caka comweco anaombera akuluakulu pafupifupi 60, ndipo pakati pao panali a Aklilu Habte-Wold, amene anaimira dziko ku Paris. A Haile Selassie anamwalira ali m'manja mwa asilikali pa 27 August 1975, ali ndi zaka 83. Mafupa ao anapezeka mu 1992 pansi pa nyumba ina ya ku bwalo la mfumu, ndipo anaikidwa mwaulemu pa 5 November 2000 m'chalichi ca Holy Trinity mu Addis Ababa.

Zina mwa zimene anapempha zinakwaniritsidwa iwo atapita kale. Cipilala ca mwala ca ku Axum, cotalika mamita 24, cimene cinatengedwa mu 1937 ndi kuimikidwa mu Rome, cinabwezedwa mu April 2005 m'zidutswa zitatu, ndipo cinaimikidwanso pamalo pake mu 2008. Caka comweco ca 2008, Italy anasaina pangano ndi Libya lolonjeza madola 5 biliyoni cifukwa ca zoipa za nthawi ya utsamunda. Ndeke yochedwa Tsehay, imene inapangidwa ku Ethiopia mu 1935 ndi kuchedwa dzina la mwana wamkazi wa mfumu, inaperekedwa kwa eni ace mu January 2024. Pangano la ku Paris linapereka miyezi 18 yobwezera zinthu zotere, koma ndekeyi inabwezedwa patapita zaka pafupifupi 77.