Godfrey Chitalu, katswiri wa zigoli amene adatsikira kulichete pangozi ya ndege ku Gabon

Malemu Godfrey Chitalu ndi mmodzi mwa osewera mpira wamiyendo amene chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa chimawanyadira kufikira lero. Adabadwa pa 22 Okutobala 1947 m'tauni ya migodi ya Luanshya m'dziko la Zambia, ndipo adamwalira pa 27 Epulo 1993 ali ndi zaka 45.

Chitalu adayamba kudziwika posewera m'timu ya Kitwe United. Mu 1971 adapita ku Kabwe Warriors komwe mbiri yake idafika pachimake. Adapatsidwa dzina lakuti Ucar, dzina la mabatire amene ankatchuka kuti sachedwa kutha mphamvu, chifukwa iye ankathamanga mosatopa mpaka wezulo yotsiriza. Adasankhidwa kasanu kukhala wosewera wopambana wa chaka m'Zambia, ndipo palibe amene adaposa chiwerengero cha zigoli zake m'timu ya dzikolo.

Chaka chimene amakumbukiridwa nacho kwambiri ndi 1972. Malinga ndi bungwe loyendetsa mpira m'Zambia la FAZ, Chitalu adamwetsa zigoli 107 m'chaka chimenecho. M'chaka chomwecho adamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri pamasewero amodzi pamene Warriors idaswa Majantja ya ku Lesotho 9-0. Nkhani ya zigolizi idabukanso mu 2012 pamene Lionel Messi adamwetsa 91, koma bungwe la FIFA silidavomereze chiwerengero cha Chitalu.

Atapuma kusewera adakhala mphunzitsi, ndipo pofika 1993 ankaphunzitsa timu ya dziko lake mothandizidwa ndi Alex Chola. Anyamata ake atagonjetsa Mauritius 3-0, adanyamuka ku Lusaka pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal pamasewero odzigulira malo m'mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Ulendowo udali woima m'malo angapo kuti ndege imwe mafuta. Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka pabwalo la Libreville ku Gabon, ndegeyo idagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe. Anthu onse 30, kuphatikizapo osewera 18, adafera pomwepo. Kalusha Bwalya adapulumuka chifukwa ankachokera ku Netherlands komwe ankasewera m'timu ya PSV Eindhoven.

Mabanja a malemuwa adadikira zaka khumi kuti amve chimene chidachitika. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 lidati injini ya kumanzere idawonongeka ndegeyo itangonyamuka, koma woyendetsa adazimitsa ya kumanja imene inkagwira bwino ntchito, ndipo ndege idatheratu mphamvu. Lipotilo lidatchulanso chipangizo chochenjezera chimene chidali ndi vuto, komanso kutopa kwa woyendetsayo, amene adali atangobwera ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius. Vuto la injini lidali litaoneka kale pamene adaima ku Brazzaville, koma ulendo udapitirira. Motero ngoziyi sidabwere ndi cholakwa chimodzi chokha, koma zolakwa zingapo zimene zidakumana usiku umodzi, ndipo zina mwa izo zikadapeweka ndege ili pansi.

Chitalu ndi anzake adaikidwa m'manda a Heroes' Acre pafupi ndi bwalo la Independence mumzinda wa Lusaka. Timu yatsopano imene idasonkhanitsidwa mwachangu idafika ndime yotsiriza ya chikho cha Africa mu 1994 koma idagonja 2-1 kwa Nigeria. Pa 12 Febuluwale 2012, Zambia idatenga chikhocho koyamba pogonjetsa Ivory Coast pamapenate mumzinda womwewo wa Libreville, osewera atayamba apita kugombe kukaponya maluwa m'nyanja. Bwalo la masewero la ku Kabwe lidatchedwa dzina la Godfrey Chitalu pomulemekeza.